“Akuti” Ndani? Galamala ya Cinyanja ndi Kuwerenga Nyuzi ku Sekondale

Kuyambira 1991, pamene Weekly Post inayamba kutsutsana ndi Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, manyuzipepala a boma, njira yodziwika yophunzitsira ana kusanthula nyuzi yakhala yoika nkhani imodzi ya m'mapepala awiri pamodzi kuti aone kusiyana kwake. Njirayi sitiinyoza, koma ndi yoperewera. Yonse imacitika m'Cingerezi, pamene mphekesera zimene mwana wa ku Katete amakumana nazo pa WhatsApp zimafika m'Cinyanja.

Ife tiona kuti cida cacikulu cili kale m'galamala ya cinenero cathu. Titenge liu lakuti “akuti”. M'ciganizo conga “Akuti feteleza wafika”, wolemba wadzicotsa pa mlandu, ndipo mwini mau sadziwika. Wophunzira ayenera kuzolowera kufunsa kuti: akuti ndani? N'cimodzimodzi ndi mneni wothera ndi -idwa. Ciganizo cakuti “Amalonda athamangitsidwa pamsika” cimabisa wothamangitsayo, ndipo mlembi woopa akuluakulu amacidziwa bwino cimeneci. Komabe m'kalasi mneniyu timamuphunzitsa monga cinthu congoloweza ca pa mayeso.

Omvera Poceza m'Madzulo pa Radio Zambia sanasokonezeke, pakuti dzina la pulogramu ndi liu la Julius Chongo zinali kulengeza kuti ikubwerayi ndi nthano. Uthenga wa pafoni ulibe cizindikiro cotero. Wophunzira amangotsala ndi mau okha, ndipo mphunzitsi amene anaphunzira kusanthula mauwo ndi wa Cinyanja.