Kodi Msuweni Wadya?

Munthu woyenda m'misewu ya ku Area 47 m'mamawa angathe kuona ana a mitundu iwiri pa geti limodzi. Galimoto ituluka itanyamula ana ovala yunifolomu kunka ku sukulu yolipira, ndipo amene watsegula getilo ndi mwananso, wa msinkhu womwewo, tsache lili m'manja. Mukafunsa eni nyumba kuti mwanayu ndani, yankho silichedwa: "Ndi khazeni wa anawa, tinamtenga kumudzi." Liwu limeneli la khazeni ndilo tifuna kuliunika mwezi uno, pakuti ife tiona kuti labisa zambiri.

Makolo athu analibe liwu limodzi lotchulira ana onse a abale. Pa Chichewa, mkulu kapena mng'ono wa amayi athu ndi mayi ndithu, ndipo ana ake ndi akulu athu, aphwathu ndi alongo athu. N'chimodzimodzinso ana a bambo aang'ono ndi a bambo aakulu. Dzina loti msuweni linali la ana a malume ndi ana a azakhali okha, ndipo pakati pa asuweni panali ufulu wosapezeka pa chibale china chilichonse. Ankanyozana mwanthabwala popanda wokwiya, kulandana chimanga chootcha, ndi kutchulana kuti "mkazi wanga" kapena "mwamuna wanga", akuluakulu nkumangoseka. Zimene mtsikana sakanatha kuuza mlongo wake chifukwa cha ulemu, ankaululira msuweni wake. Kalelo asuweni ankathanso kukwatirana. Malamulo a Mpingo a chaka cha 1983 salola ukwati wotere pokhapokha Episkopi atapereka chilolezo. Komatu kumasukirana ndi kudalirana kuja palibe lamulo limene linaletsa.

Pamene likulu la dziko linasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, anthu ambiri anabwera kudzagwira ntchito, ndipo ana a abale awo anawatsata pofuna sukulu. Ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 nyumba zinali zazing'ono. Anyamata onse ankagona pabalaza, mphasa imodzi, nadya nsima m'mbale imodzi, ndipo mlendo sakanatha kuloza kuti wa m'nyumba muno ndi uyu, wobwera ndi uyo. Ambiri a ife amene lero tili ndi mipanda ya njerwa tinakulira pa mphasa zimenezo, m'manja mwa malume amene malipiro ake sanali okwanira ngakhale ana ake omwe. Ndipo pamene Edzi inasiya ana amasiye ochuluka m'zaka za m'ma 1990, ndi chibale chomwechi chimene chinawatola. Pa izi mabanja a m'tauni ayenera kuyamikidwa.

Chodabwitsa n'chakuti nyumba zitakula, malo a mwana wa mbale anachepa. Malume ndi bambo aang'ono onse anasanduka "ankolo", azakhali ndi mayi aang'ono onse anasanduka "anti", ndipo ana awo onse tinawaunjika m'thumba limodzi la "khazeni". Khazeni si mphwako woti umteteze, ndiponso si msuweni woti useke naye. Ndi munthu wapakatikati, amene angathe kugona m'kanyumba kakuseri, kudzuka anthu onse asanadzuke, kukolopa, kutsuka mbale ndi kuchapa, popanda wina kumva chikumbumtima chikumtsutsa. Sitikunena kuti liwu lachilendoli ndilo linalenga nkhanza ayi; koma linatipatsa pobisala.

Ana eni ake sayamba ndi tsankho. Awiri akangokhala mu mpanda umodzi sabata imodzi, ayamba kale kunong'onezana. Wa m'nyumba amsungira mnzake buledi wotsala ku sukulu namphunzitsa mawu a Chingerezi. Wa kumudzi amphunzitsa kuumba mpira wachikulunga, kupanga galimoto ya mawaya, kugwira ngumbi mvula yoyamba ikagwa, ndi nthano zimene agogo awo onse awiri ankasimba. Wina akaswa kapu, mnzake anena kuti sanaone. Chikondi chimenechi palibe anachilamula. Amene tichiphwanya ndife akuluakulu, pamene tipatula mbale, pamene titi, "Iwe dzuka pa mpandopo, kaone mphika," ndi pamene Lamulungu m'mawa banja lonse livala bwino kunka ku Misa, mwana mmodzi nkutsala kuti aphike nkhomaliro. Wa m'nyumbayo aona zonsezi, ndipo pofika zaka khumi ndi ziwiri wayamba naye kutuma mnzake uja ndi mawu a bwana.

Tidziwa zimene ena adzatiyankha. Adzati ndalama ndi zochepa, fizi ya ana onse sitingaikwanitse, ntchito imaphunzitsa mwana, ndiponso kuno akudya bwino kuposa kwawo. M'mawu amenewa muli choona. Sitikuumiriza kuti banja lililonse lilipirire ana onse sukulu yofanana. Koma kuyambira m'chaka cha 1994 sukulu ya pulayimale ya boma ndi yaulere, kotero palibe chifukwa choti mwana wa mbale akhale akusesa pa nthawi ya maphunziro. Ntchito iphunzitsadi mwana. Nanga bwanji phunziro labwino chotere tikumana ana athu obereka? Ngati tifuna wantchito, tilembe munthu wamkulu ndi kumlipira mwachilungamo, pakuti ofuna ntchito ochokera ku Mtandire ndi ku Chinsapo agogoda pa mageti athu tsiku ndi tsiku. Koma kutenga mwana wa mlongo wako, nkumgwiritsa ntchito yopanda malipiro m'dzina la chibale, ndiko kudyera masuku pamutu amayi ake amene anampereka ndi mtima wokhulupirira.

Tikonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Zoona, koma fupa limathyoka. Ife makolo sitidzakhala mpaka kale. Tsiku lidzafika pamene ana athu a ku Area 47 adzapita nafe kumudzi tili m'bokosi, osadziwa kwa anyakwawa, osadziwa kolowera kumanda, osadziwa malire a munda wa agogo awo. Wowalandira adzakhala mnzawo uja wa tsache. Ngati anachoka kwathu ali m'bale, adzawagwira dzanja nawaseka mwachisuweni kuti azungu afika. Ngati anachoka ali wantchito, adzawalonjera mwaulemu, nawasiya okha.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsono madzulo ano, tisanapemphere pa chakudya, tiwerenge ana amene ali m'nyumba mwathu ndi mbale zimene zili patebulo. Ngati imodzi ikusowa, titume mwana wathu akamuitane m'bale wake kukhitchini, ndipo amuitane ndi dzina lake loyenera.