Zimene Timalonjeza ndi Zimene Timayesa

Zaka zapitazo ndinapatsidwa phunziro la zolembalemba za m'Chichewa pa koleji ina kuti ndiphunzitse. Pa tsamba loyamba la ndondomeko ya phunzirolo panalembedwa kuti pomaliza chaka, ophunzira adzatha kusanthula nkhani ndi ndakatulo, kuweruza ubwino ndi zofooka zake, komanso kulemba maganizo awo momveka bwino. Mawuwo anali okoma ndithu. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nditafika pa mapepala a mayeso a zaka za m'mbuyo, ndinapeza mafunso ofuna mayina a ampangankhani, chaka chimene buku linasindikizidwa, ndi matanthauzo a zipangizo za ndakatulo. Ndivomere pano kuti chaka choyamba nanenso ndinafunsa mafunso omwewo, poti ndi osavuta kuchonga.

Vuto limeneli akatswiri a maphunziro analiona kalekale. Mu 1949 Ralph Tyler wa ku Chicago anati wokonza maphunziro ayambe wadzifunsa cholinga chake, kenako asankhe zochita za m'kalasi zofikitsa ku cholingacho, potsiriza apeze njira yodziwira ngati chakwaniritsidwa. Mu 1956 Benjamin Bloom ndi anzake anasanja luso la kuganiza m'magawo asanu ndi limodzi, ndipo kukumbukira chabe anakuika pansi penipeni. Mu 1996 John Biggs wa ku Australia anafotokoza kuti cholinga, kaphunzitsidwe ndi mayeso ziyenera kuloza kumodzi, chifukwa wophunzira amakonzekera zimene adzafunsidwe pa mayeso. Zimene zalembedwa pa tsamba loyamba la ndondomeko sazilabadira kwenikweni, ndipo sindingamudzudzule pa zimenezi.

Titenge buku la Nthondo lolembedwa ndi Samuel Josia Nthara, lomwe linatuluka mu 1933 ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ngati cholinga changa n'choti wophunzira adziwe kuweruza, funso lofuna dzina la womasulira silindithandiza. Ndiyenera kumufunsa ngati kutembenuka mtima kwa Nthondo kumapeto kwa nkhani kukuchokera m'moyo wake monga momwe mlembi waukuzira, kapena kukuchokera ku zofuna za amishoni amene ankalamulira ntchito yosindikiza mabuku nthawi imeneyo. Funso lotere lilibe yankho limodzi. Wophunzira ayenera kusankha mbali, n'kuiteteza ndi umboni wochokera m'bukumo. Koma sichingakhale chilungamo kumufunsa zotere pa mayeso ngati chaka chonse wakhala akungokopera manotsi. Ayenera kukhala atatsutsana ndi anzake m'kalasi, atalemba, atakonzedwa, n'kulembanso.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, ndipo pofika chaka cha 2000 tinali ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Komabe m'kalasi mwanga ndakatulo za E.J. Chadza tinkazikambirana m'Chingerezi, mayeso n'kuyankhanso m'Chingerezi. Ambiri mwa ophunzirawo ankakonzekera kukaphunzitsa Chichewa ku sekondale. Tsono munthu amene sanalembepo ndime imodzi yosanthula ndakatulo m'Chichewa akawaphunzitsa bwanji ana kutero? Adzachita zimene anaona kwa ine: kulembetsa manotsi ndi kuloweza.

Ena adzati kutsatira zolinga zolembedwa kumamanga manja mphunzitsi, ndipo kukoma kwa ndakatulo sikuyezedwa pa sikelo ngati fodya. Mfundoyi ili ndi nzeru. Pali zinthu zimene wophunzira amatola m'kalasi zomwe palibe anazilonjeza, ndipo nthawi zina ndizo zimamukhalira moyo wonse. Koma zimenezi sizitipatsa ufulu wolonjeza luso losanthula kenako n'kupereka malikisi kwa woloweza.

Chaka chachiwiri ndinasintha. Gawo lina la malikisi linkachokera pa nkhani yosanthula buku limodzi, yolembedwa m'Chichewa, yomwe aliyense ankailemba kawiri. Kuchonga kunandidyera masabata ambiri, ndipo ena anadandaula kuti mawu oti agwiritse ntchito akuwasowa. Tinawafunafuna limodzi m'kalasi momwemo.

Ife alembi timadandaula kawirikawiri kuti mabuku athu amatuluka popanda wowaunika m'nyuzipepala kapena pa wailesi. Tisanaloze chala owerenga, tipemphe mapepala a mayeso a m'makoleji athu, tiwaike pambali pa zolinga za maphunzirowo, tione ngati zikugwirizana.