Batani Lasiliva pa Chilundu

Mkangano wa kavalidwe ka amayi m'dziko muno umathera pa kutalika kwa nsalu. Lamulo la 1973 linkayeza siketi ndi bondo n'kuletsa thalauzi, ndipo ngakhale linachotsedwa mu 1993, mavenda ena anavulabe amayi m'misewu ya Lilongwe mu Januwale 2012. Phokoso limeneli latigonthetsa, kotero kuti olembafe sitinaphunzire kuyang'ana tinthu ting'onoting'ono timene timakometsa chovala. Kamodzi mwa ito ndi batani lakale lasiliva, lija amayi ena akumayadi, ku Area 10, 12 ndi 43, amaika pabulauzi ya chilundu.

Batani lotere silinasulidwe kuti lingotseka malaya ayi. Kuyambira mu 1899, sitolo ya Liberty ku London inkagulitsa zokongoletsera zasiliva zotchedwa Cymric, zosulidwa ku Birmingham, ndipo mwa izo munali mabatani, kawirikawiri asanu ndi limodzi m'kabokosi. Ambiri a mtunduwu sankasokereredwa. Kumbuyo kwake kunali kakhutu kolowetsa pabowo la chovala n'kumanga ndi kamphete, kuti pochapa mwiniwake awachotse. Deresi inkang'ambika, batani n'kusamukira pa ina. Mukalitembenuza mupeza tizidindo: mkango woyenda ukutanthauza kuti magawo 925 mwa 1,000 ndi siliva weniweni, nangula akutanthauza kuti linayesedwa ku ofesi ya ku Birmingham yomwe inatsegulidwa mu 1773, ndipo kachilembo kapambali kakunena chaka.

Kuno kwathu, batani lotere likafika, mwina latsikira m'sutikesi ya wobwera kunja, mwina labisala pajekete yakale m'belo la kaunjika pamsika wa Tsoka. Tisanamizane, ambiri onyezimira m'mabelomo ndi amkuwa wopakidwa kapena apulasitiki. Olembedwa EPNS angokutidwa ndi siliva pamwamba, ndipo chitsulo chotchedwa German silver mulibe siliva ngakhale pang'ono. Koma taonani tsoka la lenileni: siliva akakhalitsa amada. Wogulitsa amaliona ngati lachabe, ndipo telala wapakhonde ku Malangalanga, pofuna kukondweretsa kasitomala, amatenga lumo n'kulidula, m'malo mwake n'kuikapo lapulasitiki lowala. Sindikunyoza matelala athu, pakuti manja awo ndi amene avalika mzinda uno. Chimene ndikudandaula ndi diso lathu, limene laphunzira kuti chonyezimira ndiye chamtengo.

Alipo amene amati zonsezi n'zachizungu, ndipo mayi wachimalawi angokhutira ndi chitenje chake. Mfundo imeneyi ndi yopepuka. Chitenjecho tikachifufuza chitifikitsa ku Java, kumene Adatchi anatengera luso la batik asanayambe kudinda nsalu zotere ndi makina. Tinachilandira, fakitale ya David Whitehead ku Blantyre n'kuyamba kuchidinda, ndipo lero palibe amene amachitcha chachilendo. Nanga chipini? Agogo achiyao ku Mangochi ndi ku Machinga ankaboola mphuno n'kuikapo kachitsulo kobulungira, kantovu kapena kasiliva, ndipo ena ankavala kamnyanga wanjovu. Chinabwera m'njira zamalonda zochokera kugombe la nyanja yamchere, koma chinakhala chathu. Kunena zoona, chipini ndi batani lovala pankhope. Agogo amenewa ankadziwa chinthu chimene ife taiwala: kachitsulo kamodzi koyera, koikidwa pamalo oyenera, kamakoka maso kuposa mulu wa zibangili.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi ambiri mwa ovala mabataniwa. Pitani pa chinkhoswe chakumayadi, kapena imani pa City Centre nthawi ya nkhomaliro pamene amayi a m'maofesi akutsika ku Capital Hill. Mukaona batani lachitsulo, kawirikawiri lakhala pachitenje chamaluwa ofiira, achikasu ndi obiriwira, pamodzi ndi anzake asanu, kuwonjezera unyolo wagolide m'khosi ndi ndolo zolendewera. Pamenepo batani lamira. Wosula uja anaikapo katsamba kopindika mwaulemu, koma palibe angakaone pakati pa nsalu yofuula chotero. Chimene chatsala ndi uthenga wakuti mwiniwake anakwerapo ndege. Ena amalikwecha mpaka mdima wonse wa m'mizere utachoka, osadziwa kuti mdimawo ndi umene umaonetsa chojambulacho. Lopukutidwa mopitirira limangofanana ndi lapulasitiki la m'masitolo a ku Bwalo la Njobvu.

Pamene batani ili limalankhula bwino ndi pansalu yamtundu umodzi, yakuda kapena yabuluu wozama, litakhala lokha pakhosi la bulauzi, chitenje chamaluwa chili m'munsi. Likatero siliphimba chilundu, ndipo chilundu sichiliphimba. Munthu amayamba waona mayiyo, kenako nsalu, pomaliza kakuwala kaja, ndipo amafuna kuyandikira kuti aonetsetse.

Telala wodziwa ntchito sangalisokerere ndi ulusi. Aboole kabowo, akazungulize ndi ulusi wolimba, alowetse kakhutu kaja n'kumanga ndi kamphete kumbuyo, monga ankachitira eni ake zaka zoposa 100 zapitazo. Mayiyo azilichotsa asanaviike bulauzi m'beseni, chifukwa mankhwala oyeretsera zovala monga Jik amawononga siliva, ndipo mwala wochapirapo ungafafanize mkango ndi nangula uja.