Kodi akutsutsana pati kwenikweni?

Pa mayeso a LSAT, amene ofuna kuphunzira zamalamulo ku America akhala akulemba kuyambira 1948, pali mtundu wina wa funso umene ndimaukonda komanso kuukayikira. Anthu awiri amayankhula, ndiye wophunzira apeze mfundo imodzi imene akutsutsanapo. Njira yake ndi yapafupi: tengani yankho lililonse, mufunse ngati mmodzi angati "inde" pomwe mnzakeyo angati "ayi". Ngati wina sananenepo kanthu pa mfundoyo, yankholo litayeni.

Tiyeni tiiyese pa nkhani ya munda ku Ulongwe kapena ku Ntaja, kumene chikamwini chidakali champhamvu. Tiyerekeze kuti mwinimbumba akuti: "Mundawu ndi wa mlongo wanga ndi ana ake. Alamuwa sangaugulitse." Mkamwini n'kuyankha chozolika: "Zoona alamu, koma mango onsewa ndinabzala ndine, ndipo ndaulima zaka 12."

Wotsata njira ya LSAT anganene kuti awiriwa sanatsutsane. Mkamwini wavomera kuti munda si wake, za kugulitsa sanatchule, ndipo mwinimbumba sanakane za mango. Komatu aliyense wokhala pabwalo la amfumu wamva kale pamene pagona nkhani: kodi thukuta limam'patsa munthu gawo pa munda? Mkamwini wati inde mosatchula, chifukwa kunena poyera pamaso pa eni mudzi n'chipongwe. Mlandu wonse wausenza ndi "koma" uja. "Zoona" apa ndi ulemu chabe.

Apa ndi pamene njirayi imaperewera. Imawerenga zokhazo zimene munthu wadzimanga nazo ndi pakamwa pake, pomwe ife nthawi zambiri timakana mozungulira. Ngakhale "inde" weniweniyo amaterera. Mukam'funsa munthu kuti "Simunagulitse?" iye n'kuti "Eee", watanthauza kuti sanagulitse, pamene Mngerezi akanayankha kuti "no".

Sindikuti tiitaye ayi. Imatiletsa kum'namizira munthu mawu amene sananene, ndipo loya aliyense amafunika mwambo umenewu. Nkhawa yanga ili pa wophunzira amene wazolowera kuwerenga mawu okha. Mlandu womwewu ukachoka kwa amfumu n'kufika kukhothi la majisitireti ku Liwonde kapena ku Balaka, zonena za mboni zimalembedwa m'Chingerezi kudzera mwa womasulira. "Zoona alamu" akangolembedwa kuti "that is true", pepala lisonyeza kuti mkamwini anavomera zonse, ndipo woweruza apilo adzawerenga pepalalo osamva mmene mawu anatulukira.