Mlatho uyambe wathyoka pa kompyuta

Tikachoka kwa Maseya ulendo wa ku Blantyre, timawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu macheza ali m'kamwa, osaganizako kuti pansi pathu konkire ndi zitsulo zili pa ntchito. Lole ya shuga wa ku Nchalo ikafika pakati, mtanda umapindika pang'ono: pamwamba pamapanikizika, kunsi kumakokeka. Konkire amapirira kupanikizika koma kukokeka kumamung'amba, n'chifukwa chake zitsulo zimachulukira kunsiko.

Injiniya wa lero amayesa zonsezi simenti isanagulidwe. Mu pulogalamu ngati SAP2000 amajambula mlatho n'kuugawa m'tizidutswa tambirimbiri ngati maso a ukonde, kenaka amausenzetsa malole, mphepo ndi madzi osefukira. Pomwe palemedwa kwambiri pamasintha mtundu.

Ine ndimamutayira kamtengo pa chinthu chimodzi: mitunduyo saikhulupirira msanga. Amatenga pensulo n'kuwerengetsanso pamanja, poti kompyuta ukainamiza za kulimba kwa dothi, nayo imakunamiza osaphethira. Kuno kuchigwa madzi amakumba pansi pa nsanamira; mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula ndi damu la Kapichira lomwe.