Sewero la "Waco": Chisoni cha Woonera ndi Choonadi cha Mbiri

Mlembi amene akupeka nkhani kuchokera m'mutu mwake ali ndi ufulu waukulu. Akhoza kupha mpangankhani kapena kumupulumutsa, kumusenzetsa mlandu kapena kumuyeretsa, popanda wina womufunsa. Ufulu umenewu umachepa pamene mlembi watenga nkhani imene idachitikadi, makamaka imene mudafa anthu, pakuti akufawo adasiya abale, ndipo ena mwa amene adaona ndi maso awo akali moyo. Sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa "Waco", limene lidaonetsedwa koyamba m'dziko la America m'chaka cha 2018, ndi chitsanzo chabwino cha mtolo umene mlembi wotere amasenza.

Nkhani yake idachitikira pafupi ndi mzinda wa Waco m'chigawo cha Texas. Pamalo otchedwa Mount Carmel pankakhala anthu oposa 100 a gulu lachipembedzo la Branch Davidians. Mizu ya gululi idali m'kagulu ka Victor Houteff, kamene kadapatuka mu mpingo wa Seventh-day Adventist ndi kudzakhazikika ku Waco mu 1935. Mtsogoleri wawo, Vernon Howell, adasintha dzina lake mu 1990 n'kukhala David Koresh. Iye ankaphunzitsa kuti adapatsidwa mphamvu yomasula zimatiro zisanu ndi ziwiri za m'buku la Chivumbulutso, ndi kuti tsiku lidzafika pamene ankhondo a dziko lapansi adzaukira anthu a Mulungu.

Pa 28 Febuluwale, 1993, apolisi a nthambi ya ATF, imene imayang'anira za mfuti, adafika pa Mount Carmel kudzachita chipikisheni ndi kudzamanga Koresh pomuganizira kuti akusunga zida zoletsedwa. Mbiri ya kubwera kwawo idali itawatsogolera kale. Padabuka kuomberana kumene kudapha apolisi anayi ndi anthu asanu ndi mmodzi a gululo. Apolisi a FBI adatenga udindo ndi kuzinga malowo kwa masiku 51. M'masiku amenewo mudatuluka anthu 35, ndipo 21 mwa iwo adali ana. Pa 19 Epulo akasinja adaboola makoma a nyumbayo ndi kupoperamo utsi wokhetsa misozi. Dzuwa lili paliwombo moto udabuka, ndipo anthu 76 adafa, kuphatikizapo Koresh ndi ana oposa 20. Opulumuka pamotowo adali asanu ndi anayi okha.

Sewero loyamba la nkhani imeneyi, "In the Line of Duty: Ambush in Waco", lidayamba kujambulidwa apolisi akadazingabe nyumbayo, ndipo lidaonetsedwa mu Meyi 1993, phulusa lisanazizire. M'sewero limenelo Koresh adaoneka ngati chilombo, omutsatira ngati anthu opanda mitu, ndipo apolisi ngati ngwazi zopanda banga. Patapita zaka, mlembi wake, Phil Penningroth, adalikana sewerolo poyera, poona kuti adatsamira kwambiri pa zimene boma linkanena. Adaweruza mlandu mboni zisanayankhule.

Abale awiri, John Erick Dowdle ndi Drew Dowdle, amene adakonza sewero la 2018, adafuna kupewa cholakwa chimenechi. Sewero lawo, la zigawo zisanu ndi chimodzi, adalimanga pa mabuku a mboni ziwiri zimene zidaima mbali zosiyana za mpanda. Buku loyamba ndi la David Thibodeau, mnyamata woimba ng'oma amene adalowa m'gulu la Koresh ndipo adapulumuka pamoto uja. Lachiwiri ndi la Gary Noesner, amene ankatsogolera apolisi okambirana ndi Koresh pa lamya. Kamangidwe kotere n'koyamikirika, chifukwa woonera amalowa m'nyumba yozingidwayo, kenaka amatuluka kukakhala pakati pa oizinga, ndipo amamva mantha a mbali zonse ziwiri.

Mphamvu yoyamba ya seweroli ili pa kubwezera anthu a pa Mount Carmel nkhope zawo. Woonera amawaona akudya pamodzi, akuimba, akulera ana ndi kuwerenga Baibulo. Amakumana ndi Wayne Martin, loya wophunzira ku sukulu ya ukachenjede ya Harvard, ndiponso Steve Schneider, wachiwiri kwa Koresh, munthu wodziwa malemba amene mtima wake ukulimbana pakati pa chikhulupiriro ndi kuwawidwa chifukwa Koresh adamutengera mkazi. Anthu otere sangatchedwe zitsiru. Sewerolo limaonetsa kuti munthu wanzeru zake akhoza kugwa m'manja mwa mtsogoleri woopsa chifukwa cha ludzu lofuna tanthauzo la moyo ndi malo oti azitchedwa mbale. Pamene moto ukuyaka m'chigawo chomaliza, woonera amalira anthu amene akuwadziwa mayina.

Mphamvu yachiwiri, imenenso ili yaikulu, ili pa mkangano wa pakati pa apolisi eni ake. Michael Shannon, amene adatenga mbali ya Noesner, amaonetsa munthu wodekha amene chida chake ndi khutu. Iye akudziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku ndi usana akumanga chikhulupiriro ndi anthu a m'nyumbamo, ndipo ana akutuluka awiriawiri. Koma kunja kuli anzake a zida amene atopa ndi kudikira. Iwo akudula magetsi, akuphwanya magalimoto a gululo ndi akasinja, ndipo usiku akuwalitsa nyali zamphamvu ndi kuliza phokoso losautsa kuti anthu asagone. Zonsezi zidachitikadi. Chimene wokambirana wamanga m'mawa, a zida akugumula madzulo. Choopsa koposa n'chakuti kasinja aliyense woyandikira nyumbayo ankatsimikizira otsatira a Koresh kuti ulosi wa mtsogoleri wawo ukukwaniritsidwa. Boma, mosadziwa, lidavala chovala cha mdani amene Koresh adali atalisokera kale. Apa sewerolo lafika pa phunziro lozama: wofuna kutulutsa munthu m'chikhulupiriro chake ayenera kuyamba wamvetsa chimene munthuyo amaopa ndi chimene amayembekezera.

Komabe, pothawa dzenje limene sewero la 1993 lidagweramo, sewero la 2018 lidatsetserekera ku dzenje la tsidya lina. Taylor Kitsch adasewera mbali ya Koresh mwaluso lodabwitsa: mawu ofatsa, maso achifundo, nthabwala, ndi gitala m'manja. Pali malo ena pamene apolisi akuliza phokoso lawo, Koresh wovulalayo n'kunyamula gitala ndi kuwayankha ndi nyimbo. Woonera amapezeka akumuchemerera. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Koresh weniweni adakwatira mkazi wake woyamba mtsikanayo ali ndi zaka 14. Mu 1989 adalengeza kuti maukwati a otsatira ake atha, ndi kuti akazi onse a m'gululo ndi ake. Adagona ndi atsikana aang'ono, ndipo mu 1995 mtsikana wina adachitira umboni pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ya America kuti Koresh adamuchita zachipongwe ali ndi zaka 10. Sewerolo silibisiratu zinthu zimenezi, koma limazitchula mothamanga, pamene nyimbo ndi ulaliki wa Koresh limazipatsa nthawi yokwanira. Pa kanema, chimene chaonedwa ndi maso chimalemera kuposa chimene changomveka m'mawu a mtengambali. Motero woonera amatsala ndi chithunzi cha mneneri wozunzidwa, ndipo atsikana ozunzidwa ndi mneneriyo amazimirira.

Gwero la kupendekeka kumeneku silovuta kulipeza. Zochitika za m'nyumbamo zidachokera kwa munthu amene ankakhulupirira Koresh ndipo adataya abwenzi ake pamoto. Umboni wake ndi wamtengo wapatali, koma ndi umboni wa wophunzira wonena za mphunzitsi wake. Ngakhale mbali ya apolisi idachokera kwa munthu amene adatsutsana ndi akuluakulu ake. Choncho mboni zonse ziwiri, ngakhale zidaima mbali zosiyana, zidaloza chala kumodzi. Pofuna kuti mkwiyo wa woonera ukhale ndi potera, alembi adapekanso wapolisi wouma mtima wotchedwa Mitch Decker, dzina limene mulibe m'mbiri yeniyeni.

Nkhani ya moto ndiyo ikuonetsa vutoli poyera. Sewerolo limatsogolera woonera ku ganizo lakuti utsi wa apolisi ndiwo udabutsa motowo, makamaka pamene muulutsi wa pa wailesi akutchula malo ena kumene utsi wotere udatsatidwa ndi moto. Koma kafukufuku amene adatsogolera John Danforth, yemwe adatulutsa zotsatira zake mu 2000, adapeza kuti moto udayatsidwa ndi ena a m'gululo. Udayamba m'malo atatu pafupifupi nthawi imodzi, ndipo timakina tomvera mawu timene apolisi adalowetsa m'nyumbamo tidajambula anthu akukamba zothira mafuta. N'zoona kuti boma lidadzichotsera lokha ulemu pobisa, mpaka mu 1999, kuti m'mawa wa tsikulo lidaponya zitini zingapo za utsi zimene zikadatha kuyatsa moto. N'zoonanso kuti opulumuka ena amakana zimene kafukufukuyo adapeza. Sewero lachilungamo likadaika zonsezi patebulo. Kusiya umboni wolemera chotere ndiko kuweruza mlandu mwakachetechete.

Wina akhoza kunena kuti sewero si bwalo la milandu, ndipo kuti wofuna mbiri akawerenge mabuku a mbiri. Mfundoyi ili ndi mbali yake yoona. Mlembi ali ndi chilolezo chofupikitsa masiku 51 kuti akwane maola ochepa, kuphatikiza anthu angapo kukhala mtengambali mmodzi, ndi kupeka mawu amene adayankhulidwa kuseri kwa chitseko. Koma chilolezocho chimathera pa funso lakuti adalakwa ndani. Anthu ambiri sadzawerenga zikalata za kafukufuku, ndipo chimene adaona pa kanema ndicho chidzakhale mbiri yawo. Nkhani ya Waco idaonetsa kale kuti kafotokozedwe kake kakhoza kupha. Timothy McVeigh, amene adapita kukaonerera apolisi atazinga Mount Carmel, adasunga mkwiyo wake mpaka pa 19 Epulo, 1995, pamene adaphulitsa nyumba ya boma mu mzinda wa Oklahoma City ndi kupha anthu 168, mwa iwo ana 19. Sewero lotsatira la mu 2023, "Waco: The Aftermath", lidayesa kulondola njira imeneyi yochokera ku Waco kukafika ku Oklahoma City.

Muyeso woyenera wa sewero lililonse la nkhani imeneyi ndi ana a pa Mount Carmel. Akuluakulu adasankha kutsata Koresh, apolisi adasankha ntchito yawo, koma ana sadasankhe kanthu. Adali ndi mtsogoleri amene pa 2 Malichi adalonjeza kutuluka ndi anthu onse ulaliki wake ukaulutsidwa pa wailesi, koma utaulutsidwa adati Mulungu wamuuza kuti adikire. Adalinso ndi boma limene lidapopera utsi m'nyumba likudziwa kuti muli makanda. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Sewero la 1993 lidaona kulakwa kwa njovu imodzi, la 2018 lidaunika kwambiri kulakwa kwa inzake.

"Waco" ndi sewero lokonzedwa mwaluso, ndipo loyenera kuonedwa chifukwa cha zimene likuphunzitsa pa za kuleza mtima ndi kuopsa kwa mphamvu zopanda khutu. Koma woonera wanzeru, misozi ikauma, adzifunse mafunso atatu: nkhaniyi yafotokozedwa kudzera m'maso mwa yani, ndi ziti zimene zaonetsedwa ndipo ndi ziti zimene zangotchulidwa, nanga ndani amene sadapatsidwe mpata woyankhula. Pa Mount Carmel, amene sadapatsidwe mpatawo ndi ana oposa 20 aja.