Foni ili ndi pakamwa koma ilibe maso

Kale mlimi wa ku Milange ankamva za ulimi kwa mlangizi, pa msonkhano wa mfumu kapena pa wailesi. Lero ambiri ali ndi foni ya m'manja. Vodacom inayamba ntchito m'dziko muno mu 2003. Movitel inabwera mu 2012 ndi kufika m'midzi yambiri. Tsopano ena akuti mlimi wa nthochi safunanso mlangizi, foni yakwana. Tiyeni tiwayese mawu amenewa.

Pa malonda foni imathandizadi. Musanadule mkoko, mungathe kufunsa mtengo wa pa msika wa Milange ndi wa ku Muloza, tsidya la Malawi. Wogula sangakunamizeni msanga. Ndalama zanu zingabwere pa M-Pesa kapena pa e-Mola.

Koma nthochi zikadwala, foni imaperewera. Taonani matenda awiri awa.

Oyamba ndi chisaka. Masamba amakhala aang'ono ndi opyapyala, ndipo amathithikana pamwamba. Nthochi imapinimbira, osabala. Matendawa amafala ndi nsabwe za nthochi, ndiponso ndi mbewu yotengedwa m'munda wodwala. Chisaka chinatha minda yambiri ku Thyolo ndi ku Mulanje, mpaka Malawi anayamba kugula nthochi ku Tanzania ndi kuno kwathu.

Achiwiri ndi Panama. Mtundu wake woopsa unapezeka mu 2013 ku Monapo, m'chigawo cha Nampula. Masamba amachita chikasu ndi kufota. Matendawa amakhala m'nthaka zaka zambiri. Amayenda ndi dothi la ku mapazi ndi ku makasu, ndiponso ndi madzi.

Tsono mlimi akaimba foni nati, "Nthochi zanga zadwala," womvayo adziwa bwanji kuti ndi matenda ati? Munda sanauone. Mwina ndi chilala chabe, kapena nthaka yaguga. Choipa china nchakuti pa foni aliyense amasanduka mlangizi. Wina amakuuzani dzina la mankhwala chifukwa ndiye akugulitsa. Chikhalirecho palibe mankhwala ochiza nthochi yogwidwa ndi chisaka. Chofunika ndi kupha nsabwezo, kenaka kuzula tsinde lonse ndi ana ake omwe.

Palinso vuto la chilankhulo. Uthenga wolembedwa m'Chipwitikizi sumveka kwa mlimi amene angoyamba kuwerenga. M'mabanja ambiri foni imakhala m'thumba la bambo, pamene wopalira nthochi ndi mayi. Amene akufuna kulangiza alimi pa foni alankhule Chinyanja ndi Chilomwe, ndipo atumize mawu omveka m'khutu, osati malemba okha.

Sitikunena kuti tayani foni. Foni ikhale mthenga woitana mlangizi wa ku SDAE kuti adzaone munda ndi maso ake. Ngati ili ndi kamera, jambulani tsamba ndi tsinde, mumtumizire. Mbewu ya nthochi musaigule pongomva mawu a pa foni. Pitani mukaone kaye munda umene yachokera. Mbewu imodzi yodwala ingathe kuwononga minda ya mudzi wonse.

Mafunso okambirana
1. Kodi m'mudzi mwanu ndani amasunga foni, bambo kapena mayi?
2. Chisaka chimasiyana bwanji ndi Panama?
3. Mbewu ya nthochi imene munabzala inachokera kuti?